Kambuzi m'Makina a Bipi

Sitiroko inawapeza a Kapitawo ali pantchito, makina ometera ali m'manja. Atatuluka m'chipatala, mwendo unkayenda mokoka koma unkayenda ndithu, ndipo mawu ankamveka ngakhale pakamwa panali patapotoka pang'ono. Limene linakanitsitsa linali dzanja lamanja. Linkangogona pamiyendo ngati la munthu wina.

Adokotala a mafizo anawapatsa kampira kofewa kuti azikafinya tsiku lililonse. Anakafinya masiku oyambirira okha. Kenako kanagubudukira pansi pa sofa, ndipo sanalole munthu kukatola.

"Munthu wamkulu ngati ine ndizisewera ndi mpira? Ndasanduka mphaka?"

Akazi awo ataona kuti zawakanika, anaimbira foni mchemwali wa a Kapitawo, amene pabanja ponse ankangomutcha Mzime poti anali wotsiriza kubadwa. Mzime ankalemba mapulogalamu a kompyuta pakampani ina ya inshulansi, ntchito imene iye mwini ankati imagonetsa tulo masana. Chimene chinkamudzutsa chinali china. Loweruka lililonse ankatenga magemu akale n'kuwalowetsa m'zinthu zimene sizinapangidwire gemu. Anali atayikapo ina m'sikelo ya kukhitchini, ina m'kamakina kotulutsa malisiti. Anthu akamufunsa phindu lake, ankangoti, "Ndimafuna ndione ngati zilole."

Anabwera Lamlungu masana. Anapeza achimwene ake ali pampando wa pawindo, ndevu zili nyankhalala, chinthu chimene wometa sangachilole ali bwinobwino.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

"Ndaswera pampando. Akutuma alamu ako eti? Ngati ndi za mpira, pakhomo ndi pomwe walowera paja."

Mzime sanatsutse. Anakhala pansi n'kuyamba kufotokoza za kuntchito, koma ankaona kuti akulankhula yekha. Akutsuka makapu kukhitchini, anayamba kung'ung'udza kanyimbo osadziwa n'komwe. Ali mkati anamva mluzu wopotoka kuchokera pabalaza ukumalizitsa pamene iye anasiyira.

Kanali kanyimbo ka Kambuzi.

Mzime ndi achimwene akewo ali ana, bambo awo anabwera tsiku lina ndi kabokosi kotuwa kolumikiza kutivi, atakagula kwa mnzawo wa kuntchito. Kanabwera ndi kaseti imodzi yokha, ndipo zolembedwa pakasetipo zinali m'chilankhulo chimene palibe ankachidziwa. Mu gemumo munali kanyama kothamanga kosaima, kolumpha mipanda ndi maenje. Mzime ankati ndi galu. Achimwene ake ankati ndi gwape. Bambo anayang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti ndi mbuzi, nkhani n'kuthera pomwepo. Mwa zowongolera ziwiri chinkagwira ntchito chimodzi, ndipo achimwene ndi amene ankagawa kuti asewere ndani. Ana a m'mudadada wonse ankadzaza pabalaza, nsapato zili mulu pakhomo, iwo akuloza ndi chala: "Iwe, kenako iwe. Wafa, choka." Dzina la Kapitawo linachokera pamenepo. Mzime nthawi zambiri ankangoonerera atagona chafufumimba, zigongono zili pakapeti, mpaka bambo abwere kudzaonera nkhani pativipo.

Atachoka kwa achimwene ake tsikulo, anadzera kwa mayi awo. Kabokosi kaja kanali katawonongeka kalekale, koma kaseti anaipeza m'dilowa ya malemu bambo, pamodzi ndi mawotchi akufa ndi makiyi osadziwika zitseko zake. M'dilowa yomweyo munali makina awo oyezera bipi, aja okhala ndi lamba wokulunga pamkono ndi kampira kakuda kopopera ndi dzanja. Mzime anakafinya kampirako, mpweya n'kulira kuti fuu. Anakafinyanso. Kenako anakhala pabedi la bambo ake makinawo ali pamiyendo.

"Amayi, awa ndatenga."

"Nawenso bipi yakuyamba?"

"Ayi, ndikufuna ndiyikemo mbuzi."

Mayi anamuyang'ana n'kupukusa mutu. "Sukulu yonse ija."

Ntchitoyo inamudyera Maloweruka angapo. Anakopera zonse za m'kaseti muja n'kuziyika pakompyuta kuti aone mmene anthu akalewo anaipangira gemuyo, ndipo anadabwa kuti chinthu chimene chinadzaza ubwana wawo wonse chinali chochepa kuposa chithunzi chimodzi cha pafoni. Kaubongo ka makina a bipi kanakana kulandira chilichonse chachilendo, choncho anakachotsa n'kuwotchererapo kake. Vuto lalikulu linali kagalasi. Sikankatha kujambula chithunzi, kankangoonetsa manambala opangidwa ndi timizere. Ndiye mbuzi inasanduka kamzere kamodzi kogona. Mipanda inasanduka timizere toima tobwera kuchokera kumanja. Lamba uja anamukulunga pabotolo lamadzi kuti mpweya uzikhala ndi pokanikiza. Ukafinya pang'ono, kamzere kankalumpha pang'ono. Ukafinya mwamphamvu, kankakwera mpaka pamwamba. Kabelu kamene kale kankalira bipi ikakwera anakaphunzitsa kuimba.

Atapita nazo, anangoika patebulo, botolo ndi zonse.

"Ndiye wabwera kudzandiyeza?" anafunsa a Kapitawo. "Awa si makina a bambo awa?"

Mzime anadina batani. Kanyimbo kanayamba, kowonda ngati kulira kwa udzudzu. A Kapitawo anakamvetsera mpaka kanatha n'kuyambiranso. Akazi awo anaima pakhomo la kukhitchini, thawulo lili paphewa.

"Mbuzi yake ili kuti?"

"Ndi kamzere ako."

"Yawonda bwanji! Sumaidyetsa?"

Anatambasula dzanja lamanzere kuti atenge kampira, koma Mzime anakabweza. "Masiku aja munkati wosewera ndi lamanzere ndi wakuba. Lamulo lanu lomwe."

"Ndinanena ine zimenezo?"

"Munamuthamangitsa nalo mwana wa a telala uja."

A Kapitawo anaseka, koyamba chibwerereni kuchipatala, malovu n'kudontha pang'ono, ndipo sanachite nawo manyazi. Ananyamula dzanja lamanja ndi linzake n'kuliyika pakampira. Anayesa kufinya. Kamzere sikanasunthe, kanagunda mpanda woyamba, kabelu n'kulira kulira kwa imfa. Anayesanso, chimodzimodzi. Thukuta linayamba kutuluka pamphumi.

"Chotsa," anatero. "Chotsa chinthu chako."

Mzime anazimitsa, koma sanachotse. Pobwerera kwawo m'basi anadziona wopusa. Munthu akudwala, iye n'kumupititsira chidole.

Patapita masiku, foni inalira ali kuntchito. Anali achimwene, osapereka ndi moni womwe.

"Gemu yako ndi yabodza. Ndadutsa mipanda, ndafika pamaenje, koma mbalame kulibe."

"Mbalame yanji?"

"Ija inkakhala pakona yakumanja, m'mwamba. Ukaiona ikusuntha umadziwa kuti dzenje lalikulu layandikira."

Mzime anatsegula zonse zimene anakopera m'kaseti muja n'kufufuza paliponse. Munali mbuzi, mipanda, maenje ndi mitambo. Mbalame munalibe. Komabe naye akatsinzina ankaiona, yakuda, itakhala pakona. Anakangana pafoni mpaka anagwirizana kuti akafunse mayi, ndipo Lamlungu lotsatira Mzime anawatenga mayiwo kupita nawo kwa achimwene.

Mayi anamvetsera mbali zonse ziwiri ngati woweruza, kenako anaseka mpaka kupukuta misozi.

"Mbalame? Inu ana inu! Anali nalimata. Analowa kuseri kwa galasi la tivi ija, ankakonda kutentha. Bambo anu anayesa kumutulutsa ndi waya, anakana. Tinakhala naye mpaka tivi inafa."

"Koma ankasuntha dzenje likayandikira," anaumirira a Kapitawo.

"Ankasuntha chifukwa inu mukafika pamenepo munkakuwa ngati nyumba ikupsa."

Anakhala pabalazapo mpaka dzuwa kupendeka, akukumbutsana. Mayi anafotokoza zimene ana sankazidziwa: kuti iwo akapita kusukulu, bambo awo tsiku lopuma ankatseka chitseko n'kusewera okha, ndipo sanadutsepo mpanda wachitatu. Ankatukwana mbuziyo ndi mawu amene mayi anakana kuwabwereza. A Kapitawo ankamvetsera kampira kali m'dzanja, akukafinya osadziwa, makina ali ozimitsa.

Mzime anaiyika mbalameyo. Pakona ya kagalasi panali kachizindikiro ka mtima kamene kale kankaphethira poyeza bipi, ndipo anakakonza kuti kaziphethira dzenje lalikulu likayandikira. A Kapitawo anati tsopano gemu yakhala yeniyeni.

Dzanja silinabwerere mwakale. Adokotala anati kufinya kwathandiza, koma zala ziwiri zakumapeto zinakhalabe zopindika, ndipo makina ometera ankalemera kwambiri kuti dzanjalo liwagwire tsiku lonse. Chimene linatha chinali kugwira chipeso. Choncho a Kapitawo anayamba kuphunzira kumeta ndi lamanzere, lamanja likupesa. Anayamba ndi ndevu zawo zomwe, kenako burashi yakale ya nsapato imene anaimeta mpaka kuyera.

Tsiku lina m'mawa anamuitana Mzime kushopu yawo yometera. Mnzawo amene ankagwira shopuyo nthawi yonse ya matenda anali atapukuta mpando wawo n'kuwayalira zida. Mzime ankaganiza kuti waitanidwa kudzaonerera.

"Khala apa," anatero a Kapitawo akukutumula nsalu.

"Ine? Achimwene, mawa ndili ndi msonkhano ndi mabwana."

"Kasitomala weniweni ndingamuyambe bwanji ndisanayese? Iwe ndi wapachibale, sungandisumire."

Mzime ankasunga tsitsi lalifupi, ndipo linali litakuladi. Anakhala. Nsalu inamangidwa pakhosi ndi mfundo yomasuka, makina n'kuyamba kulira pafupi ndi khutu. Ankamva chipeso chikunjenjemera pamutu pake, chikutsetsereka, chikubwereranso. Pagalasi ankaona nkhope ya achimwene ake, lilime lili pakona ya mlomo, maso ali pantchito.

"Usagwedezeke."

"Sindikugwedezeka. Ndinu."

Atamaliza anamupatsa kagalasi kam'manja kuti aone kumbuyo. Mzere wa pakhosi unali utakwera mbali imodzi ngati msewu wa kuphiri, ndipo pamwamba pa khutu lamanzere panali kachigamba koyera.

"Bwanji?" anafunsa a Kapitawo.

"Limera," anatero Mzime.

Kumsonkhano kuja anapita atavala chipewa, ndipo anauza mabwana kuti ali ndi chimfine.