Mzere wa pa Mphuthu ya Chitseko

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino. Ndiyamika Mulungu amene watisunga tonse mpaka lero, inu wowerenga ndi ine wosimba. Ndine Anock wa ku Mburuma, wootcha makala ndi woweta mbuzi. Ndimayimba besi m'kwaya, ndipo Malembo ndimawadziwa. Ndanena izi kuti mudziwe kuti zimene ndinachita sindinachite mwaumbuli.

Mwana wathu woyamba, Exildah, anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene aphunzitsi ake, a Madamu Harriet ochokera ku Lusaka, anaonetsa ana vidiyo pa foni. Inali paki ya masewera ya mumzinda: mahatchi a pulasitiki ozungulira, timagalimoto togundana, ndi chigudumu chachikulu chonyamula anthu m'mabasiketi mpaka kumwamba. Exildah anafika kunyumba akuthamanga, nsapato zili m'manja.

"Atate, ati ukafika pamwamba uona Lusaka yonse. Mwina mpaka Zambezi!"

"Zambezi? Maso akowo ndi a nkhwazi?"

"Nanga mudziwa bwanji? Inu simunakwerepo."

Ndinaseka, ndipo m'kuseka momwemo ndinalonjeza kuti tidzapita.

A Madamu anatichenjeza kuti pa chigudumu pali mzere, ndipo mwana wosafika pamzerepo samulola kukwera. Loweruka lina anabwera ndi rula yaikulu ya kusukulu, nayeza pa mphuthu ya chitseko chathu. Anakanda ndi msomali, ine ndinadetsapo ndi khala. Exildah anaimirira, zidendene ku mphuthu. Panatsala zala zinayi.

"Ukangofika apa, tinyamuka," ndinatero.

Ulendowo tinaukonza bwino ndithu, ine ndi mkazi wanga Petronella. Basi ayi, ndi yodula. Tidzapita m'nyengo ya masau, titakhala pamwamba pa matumba athu m'kanta, kalole ka ogulitsa. Kogona ndi kwa alamu anga ku Kanyama, mu Lusaka momwemo. Chakudya tidzanyamula chathu, nkhuku yootcha, mbatata ndi chigubu cha maheu, chifukwa a Madamu anati m'pakimo botolo limodzi la madzi mtengo wake ungagule sopo. Tidzalowa pakati pa sabata, anthu ali ochepa. Za pakhomo lolowera tinapatula kambuzi kamodzi kakakazi. Exildah anakapatsa dzina lakuti Tikiti, ndipo ankakadyetsa yekha makoko a m'thengo.

Lamlungu lililonse tikachoka kutchalitchi ankaima pa mphuthupo. Ankanyang'ama pang'ono, amayi ake n'kumumenya kambama kosewera pa katumba.

"Tsika iwe! Ku Lusaka kulibe onyengeka."

Masau atayamba kupsa chaka chotsatira, panatsala chala chimodzi chokha. Koma chaka chimenecho njovu zinatidyera munda wonse. Ndinalephera kumuuza mwana kuti sitipita. Tsiku lina iye ali kusukulu ndipo amake ali kumjigo, ndinamata dothi pamene panakandidwa ndi msomali, ndinafufuta khala ndi chala chonyowa, n'kulemba mzere wina zala ziwiri pamwamba pake.

"Atate, kodi ine ndaleka kukula?"

"Udye nyemba zambiri, amama," ndinayankha.

Kachiwiri ndinaukweza pamene mng'ono wake, Mwaka, anadwala. Pa ziwirizi mwina mungandimvere chifundo. Kachitatu ndilibe chonena. Masau anabala kwambiri, makala anayenda, m'thumba munali kanthu. Ndinaona malata pa sitolo ya ku Boma, ndipo ndinati mumtima, chigudumu sichithawa, chaka chamawa chilipo. Ndinagula malata asanu ndi limodzi, ndinawaika kuseri kwa nyumba, ndipo ndinatolanso khala. Lamlungu lake ndinayimba besi yanga monga mwa masiku onse, ine amene ndimadziwa bwino zimene Mulungu amanena za miyeso yonyenga.

Mu Febuluwale, mvula ili pakati, Exildah anayamba kutentha thupi. Tinamunyamula panjinga mpaka kuchipatala cha ku Katondwe. Anamwino anachita zonse zimene munthu angachite, koma malungo anali atakwera kumutu. Mmawa wa tsiku lachitatu anatisiya, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinapempha ngati mkulu wa sunagoge uja amene mwana wake anadzutsidwa, koma kwa ife yankho linali lina.

Kwathu kuno adzukulu asanapite kukakumba manda amadula bango n'kuyeza nalo thupi, kuchokera kumutu mpaka kuchidendene. A Everisto, mkulu wa adzukulu, anatuluka nalo m'nyumba bangolo. Podikira anzawo obweretsa makasu, analiimika pa mphuthu ya chitseko, n'kukhala pansi pambali panga.

"Anali atatalika mwanayu, a Anock. Bango loyamba limene ndinadula ndi maso linachepa."

Ndinakweza maso. Bango linadutsa pa dothi ndinamata lija ndi chikhatho chathunthu. Pa mzere wanga wa khala linaperewera chala chimodzi. Anthu anaganiza kuti ndagwa chifukwa cha njala ya masiku atatu, ndipo anandithira madzi.

Tikiti anaphedwa tsiku lomwelo kuti odzalira adye. Sindinayikeko mkamwa.

Patapita sabata, abale atabalalika, ndinapeza Petronella kuseri kwa nyumba akuchapa yunifolomu ya Exildah, imene sinali yakuda n'komwe. Ndinakhala pa malata aja.

"Amake Exildah, ndili ndi tchimo."

"Nenani."

"Mzere uja ndinkaukweza ndine. Katatu. Anafika kalekale mwana uja."

Sanaleke kuchapa. Anafinya kolala, n'kuiviikanso.

"Ndidziwa," anatero. "Nayenso ankadziwa."

"Ndani?"

"Mwana wanu. Chaka chatha anakokota dothi lija ndi supuni, anapeza pamene a Madamu anakanda. Anandiyitana, ndinaona. Kenaka anakanda dothi lina yekha n'kumatanso."

"Bwanji sanandifunse?"

"Anati, ‘Amama, musawauze atate kuti ndaona. Alibe ndalama manje, achita manyazi. Akakonzeka adzaleka kukweza.’ Ndiye Lamlungu lililonse ankaima paja kuti inu musadziwe kuti adziwa."

Apo m'pamene anasiya yunifolomu, n'kuphimba nkhope ndi manja a thovu.

"Inenso ndinakhala chete, atate ake Exildah. Malatawa ndinkawafuna ndine."

Tinalira awiriwiri pamenepo mpaka Mwaka anatipeza, nafunsa ngati tamenyana.

Malata ndinawagulitsa kwa mnansi motchipa. Mu Julayi tinakwera kanta ya masau monga tinakonzera, ndi nkhuku yootcha, mbatata ndi maheu. Tinagona ku Kanyama. Lachitatu tinalowa m'paki muja. Mwaka, wa zaka zisanu, sanafike pa mzere wa chigudumu, ndipo sanadandaule. Anakwera hatchi yofiira katatu, akukuwa kuti timuone. Mzere wa pa chikwangwani ndinauyang'ana nthawi yaitali. Unali pansi kuposa mmene ndinkaganizira.

Petronella anandiyika tikiti m'manja.

"Kwerani inu. Mukamuonere."

"Ine mdala wamakala, pakati pa ana?"

"Kwerani, a Anock."

Ndinakwera. Basiketi inagwedezeka, ndinagwiritsa chitsulo ndi manja awiri, ndipo kamtsikana kena kamene tinakhala nako kanandiseka. Pamwamba chigudumu chinaima pang'ono. Ndinaona madenga, misewu, fumbi ndi utsi mpaka kumene maso alekera. Zambezi saoneka. Ndinayang'anabe chakum'mawa, kwathu, mpaka tinayamba kutsika.

Nditafika pansi Petronella anandifunsa ndi maso okha.

"Saoneka," ndinatero.

"Akanatsutsa," anayankha, ndipo anaseka misozi ikutsika.

Zipsera za mizere inayi ija zikadali pa mphuthu yathu. Dothi ndinalikokota. Ndinaulula kwa Mulungu ndipo ndikhulupirira kuti anandikhululukira, pakuti chifundo chake n'chachikulu kuposa mlandu wanga. Koma kwa mwana uja sindinapepese, ndipo chimenecho ndidzachinyamula mpaka tsiku tidzaonane.

Ambuye akudalitseni inu amene mwakhala nane mpaka pano. Akusungireni ana anu, akupatseni mtima wowauza zoona pamene manja ali opanda kanthu, ndipo pamene muli ndi kanthu akupatseni miyendo yofulumira. Mtendere wake ukhale pa khomo panu. Ameni.