Katakwe Amene Sananene Mmene Anakonzera

Kompyuta ya amuna anga inasankha tsiku loipa loti ichite makani. Miyezi yonse imene akhala pakhomo osagwira ntchito inkayaka bwinobwino. Koma m'mawa wa tsiku loti akaonekere kwa mabwana a kampani ina yomanga nyumba, ndi pomwe inati ikufuna apudeti. Iwo anavomera, poganiza kuti pomaliza kusita malaya ikhala itamaliza.

Amuna angawa amajambula mapulani a nyumba. Ntchito yawo yonse ili m'kompyutamo, ndipo mabwanawo anali atanena kuti masana apite ndi mapulani osindikiza papepala kuti akaone luso lawo. Popanda mapulaniwo, kupita kumeneko kunali kungokaonetsa tayi.

Nditalowa kuchipinda ndi tiyi, ndinawapeza ataima ndi simbi m'manja, maso ali pa sikirini. Timadontho tinkazungulira, kompyuta n'kuzima, n'kuyaka, n'kulemba kuti apudeti yalephereka, ikubwezeretsa zinthu mmene zinalili. Pansi pake panali kanambala kakatali kosakanikirana ndi zilembo. Ikatero inkayambiranso pomwe paja.

"Mwayesa kuizimitsa?" ndinafunsa.

"Mayi, imeneyi ikudzizimitsa yokha. Pamenepo sikufuna thandizo langa."

Anayesa kuseka koma sizinatheke. Mtima unandiwawa, chifukwa ndinkadziwa kuti munthuyu m'mawa uliwonse ankavala bwino n'kukayenda mumsewu, kuti oyandikana nafe asamamuone ali khale pakhonde.

Alamu anga, akulu awo a amuna anga, anali atabwera kudzabwereka makwerero. Munthu ameneyu akamva fungo la vuto sachoka. Amagulitsa matayala akale, za kompyuta sadziwa ngakhale poyatsira, koma malangizo ali nawo pa chilichonse.

"Safunsa anadya phula," anatero akukoka mpando. "Si pali bwalo lija la pa intaneti lomwe anthu amathandizana za makompyuta? Funsa, iwe."

Amuna anga anatenga foni kuti alembe, alamu n'kuwalanda. Ati munthu sufika pabwalo la eni ake n'kungoyamba ndi mavuto ako ngati wabwera kudzagwira wakuba. Anayamba ndi moni. Anafunsa ngati onse adzuka bwino pamodzi ndi mabanja awo, n'kufotokoza kuti kuno tonse tili bwino kupatula kompyuta, ndiponso kuti mng'ono wawo ndi munthu wakhama, wa ana awiri, wosamwa mowa. Pamutu analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti CHONDE ABALE THANDIZENI. Nambala ya vuto ija sanailembe, ati yatalika.

Yankho silinachedwe. Woyang'anira bwalolo analemba mwachidule: funso lotere lafunsidwa kale kambirimbiri, fufuzani kaye musanafunse, ndipo muzilemba nambala ya vuto. Atatero, funso lathu n'kulitseka.

Alamu anafufuma. "Mwana wa ndani ameneyu? Moni wonse uja osayankha?"

"Alamu, anthuwa sagulitsa matayala, nthawi yocheza alibe," ndinatero.

"Inu alamu, pakamwa panupo padzakupezetsani mlandu," iwo anandiyankha.

Ndinatenga foniyo ndekha. Pamwamba pa tsamba panali kabokosi kofufuzira, ndipo amuna anga ankandiwerengera nambala ija pa sikirini ine ndikulemba. Panatuluka mafunso ambiri, ena a makompyuta a mtundu wina, ena a anthu okalipirana okhaokha. Kenako ndinaona limodzi lokhala ngati talemba ndife. Nambala yomweyo, kompyuta ya mtundu womwewo, kuzima ndi kuyaka komweko. Linali la zaka zingapo zapitazo.

"Tapeza," ndinatero, chala chikuthamangira pansi.

Pansi pake munthu yemweyo anali atalembanso: "Zatheka, yayaka. Zikomo nonse."

Basi, zomwezo. Mmene anakonzera osanena. M'munsi mwake munali mzere wa anthu ngati pachipatala. Wina ati munachita bwanji, achimwene. Wina ati chonde, ndili ndi vuto lomweli. Mayi wina analemba kuti ntchito ya kusukulu ya mwana wake ili momwemo. Wina anangoika tinkhope tolira. Chaka ndi chaka anthu ankabwera kudzagogoda, mwini wake ali zii.

Ine ukali unandikwera. "Koma anthu ena! Iwe wawoloka, ulalo n'kuphwasula? Ndikanamuona ameneyu ndikanamukoka khutu mpaka kumsika."

"Sanaleredwe," anatero alamu.

"Kudzikonda," anawonjezera amuna anga, akupukusa mutu. "Mzere umodzi wokha ukanamuvuta chiyani? Dzina lake ndani?"

Ndinawerenga mokweza: "KatakweWaMapulani."

Amuna anga anaika simbi pansi pang'onopang'ono.

"Tawerenganinso."

Sindinawerengenso. Ndinakulitsa kachithunzi kamene kanali pambali pa dzinalo. Anali mnyamata wa tindevu tochepa, atavala chipewa chachikasu cholimba cha anthu omanga, akumwetulira ngati wapambana mpikisano. Tonse atatu tinakweza maso. Chipewa chomwecho chinali pamwamba pa wodilopu, chitachita fumbi.

Alamu anaseka mpaka kutsokomola, misozi ili chuchuchu. "Ndinati sanaleredwe? Ndinamulera ndine, ndiye mawuwo ndabweza."

"Chabwino, a Katakwe," ndinatero. "Anthu akudikira, ifenso tili pamzere womwewo. Munakonza bwanji?"

Anakanda mutu, anayang'ana kudenga, anayang'ana pansi. "Sindikukumbuka. Ndikuona ngati inangoyaka yokha."

Kuseka kunatha. Dzuwa linali litachoka kale pazenera, ndipo kompyuta inali ikadali pagule wake yemwe uja. Amuna anga anakhala pabedi, malaya osita theka ali pamwendo. Ndinachita mantha kuti anena kuti basi, sakupitanso.

Ndinayang'ananso funso lawo lakalelo, ndipo maso anga anagwera pa deti. Unali mwezi womwe tinasamukira m'nyumba muno. Mwezi umenewo sindingauiwale, chifukwa ndinali woyembekezera mwana wachiwiri, miyendo itatupa, ndikukhalira makatoni.

"Bambo, limeneli munalemba tikusamuka. Kunyumba yakale ija kompyutayi inkakuvutani, ndiye titafika kuno munaiyatsa pansi pa simenti, tebulo lisanabwere. Ndinakukalipirani kuti mukusewera anzanu akunyamula katundu."

"Munandikalipiradi," anatero. Kenako anaimirira. "Pulinta inali m'katoni. Masipika m'katoni. Ndinangolumikiza chingwe cha magetsi, sikirini ndi kiyibodi."

Sanadikirenso. Analowa pansi pa tebulo ndi thalauzi lawo labwino lija n'kuyamba kuzula zingwe kumbuyo kwa kompyuta. Anazula cha pulinta, cha masipika, fulashi, kakamera, ngakhale kafani kakang'ono kamene alamu anawapatsa chaka chatha.

"Kafaniko n'kosalakwa," anatero alamu.

"Tikafunsa pambuyo, achimwene."

Anaiyatsanso. Timadontho tinayamba kuzungulira. Pamene inkazimira paja inaima kaye, kenako nambala zinayamba kukwera. Alamu anaimirira kumbuyo kwake akuilimbikitsa ngati galimoto pachitunda. Inazima kamodzi, mtima wanga n'kuti phwii, koma poyaka panatuluka chithunzi cha ana athu akudya ayisikirimu. Ndinawamenya alamu paphewa ndi chimwemwe, iwo n'kudandaula kuti bwanji osamenya mwini kompyuta.

Anabwezera chingwe cha pulinta, mapulani n'kuyamba kutuluka otentha. Ine ndinamaliza kusita malaya, ndikuika mapepala mu envulopu. Potembenuka, ndinapeza munthu wakhala pabedi, nsapato imodzi kuphazi, akulemba pafoni.

"Bambo, mukufuna muchedwe tsopano?"

"Anthu awa andidikira zaka, mayi. Mabwana angadikire pang'ono."

Analemba nambala ya vuto pamwamba, n'kufotokoza kuti azule chilichonse cholumikizidwa ku kompyuta kupatula chingwe cha magetsi, sikirini ndi kiyibodi, aiyatsenso, apudeti ikatha abwezere chimodzichimodzi. Anapepesanso chifukwa chochedwa kuyankha. Alamu anaumirira kuti pakhale moni, ndiye amuna anga anawalola mzere umodzi kumapeto. Alamuwo anawanyamula okha pa kagalimoto kawo ka matayala, makwerero n'kuiwala.

Madzulo amuna anga anabwera wapansi, tayi ili m'thumba, nkhope yosawerengeka. Ana anawathamangira koma ine ndinaima pakhomo. M'manja mwawo munalibe kanthu.

"Envulopu mwasiya kuti?" ndinafunsa.

"Aisunga," anatero. "Akuti mapulaniwo ndikawafotokozere bwino Lolemba, ndili pa desiki yanga."

Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo n'kulira osachita manyazi, ana akundidabwa. Iwo anavula nsapato n'kukhala pambali panga.