Mayi Wake wa Pempho

Tsiku limene adokotala anamuuza kuti khansa ija sikuonekanso m'thupi mwake, Otilia anangofunsa chinthu chimodzi: ngati angapite kwawo mawa lomwe. Anali atatha chaka ndi miyezi iwiri mu Blantyre, akugona m'nyumba ina ya mpingo pafupi ndi chipatala pamodzi ndi amayi ena odikira mankhwala. Nthawi yonseyo chimene chinkamudzutsa m'mawa chinali Pempho, mwana wake yekhayo, amene anamudikira zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati. Anamusiya kwawo kwa Malemia ku Nsanje ali ndi miyezi isanu ndi itatu, akuyamwabe, m'manja mwa mng'ono wake Agnesi.

Anaimbira mwamuna wake Lorenso kumuuza nkhaniyo. 

"Mulungu ndi wamkulu, amake Pempho," anatero Lorenso, foni n'kuduka. Mafoni a ku Nsanje amaduka ndithu, koma amadziwanso nthawi yodukira.

Miyezi yoyambirira amene ankamuyang'anira Otilia ku chipatala anali amayi ake. Anaona bere lakumanzere likuchotsedwa, anapirira. Koma mankhwala a m'diripi atayamba, tsitsi likutsalira pa pilo, zikhadabo zikuda, mwana wawo akusanza ndi madzi akumwa omwe, amayiwo anasiya kulankhula. Mlungu umene anamwalira azimayi awiri a mabedi oyandikana ndi Otilia, amayi akewo anati madzi aphwa kudimba, akadzale chimanga n'kubwerera. Sanabwererenso, ndipo Otilia ankaganiza kuti ndi miyendo yawo yodwaladwala yavuta.

Minibasi itatsika phiri n'kulowa m'chigwa, kutentha kunamukumbutsa kuti wafika kwawo. Thukuta linanyowetsa kansalu kamene anapindira mu kamisolo kuti chifuwa chilingane. M'chikwama munali kadiresi kachikasu ka Pempho. Anakagula poyerekeza, pakuti msinkhu wa mwana wake sankaudziwa.

Atatsika kabaza anapeza anthu atakhala kale pansi pa mtengo wa nimu, amayi ake pamphasa, Lorenso pampando, maso ali pa nyerere. Agnesi anatuluka m'nyumba kudzalandira chikwama. Anali atavala chitenje cha Otilia cha chigwirizano cha amayi, ndipo anachimangira m'mwamba, pansi pa mawere, mmene amamangira munthu woti pakati pakula.

"Mwafika, achemwali," anatero Agnesi, atagwada movutikira.

Otilia analowa kuchipinda kuti avule nsapato. Pa chingwe chake panali madiresi a Agnesi. Zovala zake zinali m'thumba la feteleza pakona, zopindidwa bwino, thumba lomangidwa kukamwa, mmene zimakhalira zovala zodikira kugawidwa. Anakhala pabedi mpaka amayi ake anamutsatira.

"Usamuyang'ane moipa mng'ono wako. Ndine," anayamba amayiwo. "Ndinakuona ndi maso angawa, mwanawe. Unali utapita. Ndinadzanena kuno kuti Otilia satulukamo."

"Ndiye munandiika m'manda ndili moyo?"

"Tinkaganiza za mwana. Ukudziwa iwe, anakulowola, mwana ndi wa kuchimuna. Lorenso akanatenga mkazi wa kwina, Pempho akanaleredwa ndi mlendo, ife tikungoonera patali. Akuluakulu a mbali zonse anakhala pansi, tinati bola m'nyumbamo mulowe magazi ako omwe. Agnesi analira mlungu wathunthu, sanafune."

"Nanga bwanji osandiuza?"

"Munthu woti akulimbana ndi mpweya, ungamuuze zimenezo?"

Otilia anafunafuna woti amukwiyire. Amayi ake anali ataonda kuposa iye. Agnesi anali atasiya kosi yake ya utelala paboma kuti azichapa matewera a mwana wa wina. Lorenso, munthu woti ngakhale mbuzi yake ikadya mbewu za eni amapepesa katatu, sakanatsutsa akuluakulu a kwawo. Mkwiyo unasowa pofikira, unangobwerera mwa iye n'kukhala pamene panali bere paja. Anamva chisoni chimene sanachimvepo ngakhale tsiku la opaleshoni.

Panja mayi wina woyandikana nawo anaitana, "Amake Pempho, mwana wanu uyu akudya dothi kuno."

Otilia ananyamuka pabedi, koma Agnesi anali atayankha kale. Posakhalitsa Agnesiyo analowa ndi kamtsikana kakafupi, kamiyendo yolimba, kamphuno ya Otilia yeniyeni.

"Pempho, awa ndi amayi ako," anatero Agnesi. "Pita."

Mwana anayang'ana mutu wa mlendoyo, umene tsitsi linali litangoyamba kumera, n'kubisala kuseri kwa chitenje. Otilia anatulutsa kadiresi kachikasu. Kanali kakang'ono, mutu sukanalowa n'komwe. Anatulutsa bisiketi, ndipo bisiketi inachita zimene magazi analephera. Pempho anasendera pang'onopang'ono mpaka analola kukhala pamiyendo pake.

Anali wolemera, wofunda, m'mutu mukununkha dzuwa ndi dothi. Otilia sanayerekeze kupuma mwamphamvu. Ichi ndicho ankamezera phala likumubwerera kukhosi, ichi ndicho ankatambasulira mkono mitsempha itatha kubayidwa. Mwana atamaliza bisiketi anatsamira pachifuwa, maso akulemera, ndipo monga amachitira ana akafuna tulo, analowetsa dzanja m'bulauzi.

Kadzanja kanakankha kansalu kaja, kanafufuza, kanapeza khungu lathyathyathya ndi mzere wa chipsera. Kanaima. Pempho anatulutsa dzanja, anayang'ana nkhope ya Otilia, milomo n'kuyamba kunjenjemera.

"Mama," analira, manja atatambasulira kwa Agnesi.

Agnesi sanasunthe, misozi ikungotsika. "Mugwireni, achemwali, azolowera."

Otilia anamugwira. Anayesa kanyimbo kamene ankamuimbira ali khanda, anayesa kumugwedeza, koma mwana anadziwongola, akumenya miyendo, kulira mpaka mawu kusasa. Khansa anailimbana nayo miyezi khumi ndi inayi, koma kulira kumeneku sanathe nako ngakhale mphindi zisanu.

Anaimirira, anamuika mwanayo kumsana kwa mng'ono wake, anatenga nsalu pachingwe n'kumubereketsa yekha, mfundo akuimanga m'mwamba kuti isapane mimba. Pempho anatonthola nthawi yomweyo.

"Amagona msanga mukamayenda naye," anatero Agnesi chapansipansi.

"Yenda naye," anatero Otilia.

Anatola kansalu kaja kamene kanagwa pansi mwana akuphupha, anakakung'untha, n'kukabwezera mu kamisolo.