Malire a Munda Anali mu Foni ya Belita

Kufa kwa foni sikunandipweteke ine. Wailesi yanga inafa kalekale, nkhuku zimaikiramo mazira, sindinalire. Chinandiwawa n'chakuti ngoziyo ndinaiona ikubwera, ine amene sukulu ndinalekezera Sitandade 2, koma sindikanatha kukalipa chifukwa wochita zopusayo anali mkamwini wanga.

Belita ndi mwana wa malemu mng'ono wanga. Ndinamulera ndine, ndiye amanditchula amayi aakulu. Mwamuna wake ndi Goodman wa ku Migowi, anabwera chikamwini kuno ku Nkhulambe. Munthu wabwino, wolima, samwa. Vuto lake n'limodzi: chilichonse chokhala ndi batani amafuna achitsegule aone m'kati. Ndipo pabanja pathu apongozi ndi mkamwini sitiyankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira wina amapatukira m'chinangwa. Ndikakhala ndi mawu ndimauza Belita, iye n'kukapereka. Zaka zisanu ndi chimodzi takhala choncho, ndipo ine zinkandikomera, chifukwa ndinkatha kumunena kuseri kwa mpanda iye osayankha.

Tsono achimwene athu a Dyson, amene anali mwini mbumba, atamva kuti thupi likuwakana, anatenga ndodo n'kukayenda malire pakati pa munda wa Belita ndi wa Aliness, mng'ono wathu wotsiriza. Belita ankawatsatira akujambula vidiyo pafoni. Ine tsikulo ndinali kumaliro kwina, koma vidiyoyo ndinaionera kambirimbiri, makamaka chifukwa achimwene anavala jombo zosiyana, ina yakuda ina yobiriwira, ndipo ankayenda ngati bakha. Anamwalira mu Epulo.

Mvula yoyamba itagwa, Aliness anabzala chinangwa mizere isanu ndi itatu kulowa m'munda wa Belita, pamalo penipeni pamene nandolo amabereka mpaka nthambi kugwa. Titamufunsa anati iye za malire sakuzidziwa, tsiku limenelo sanalipo. A Howard, achimwene athu otsala, anati musakangane, Loweruka tonse tikumane kumunda, tionere vidiyo, akufa atiuze okha.

Lachinayi m'mawa ndikusenda chinangwa kuseri kwa mpanda, ndinamva Goodman akuuza mkazi wake pakhonde:

"Foni iyi yadzaza, n'chifukwa chake vidiyo ikumadukaduka. Loweruka tikachita manyazi pamaso pa amalume. Ndiiruta."

"Muitani?" anafunsa Belita.

"Kuruta. Opanga foni amakhoma zipinda zina ndi loko, n'kuikamo zinthu zawo zoti iwe sungachotse. Ukaruta umathyola lokoyo, foni yonse imakhala yako. Ndichotsa zinyalala zawozo, iziyenda ngati yatsopano."

"Munachitapo kale?"

"Ndaonera anthu atatu akuchita pa intaneti. N'zophweka."

Nanenso ndaonera anthu ambirimbiri akuyendetsa minibasi, koma palibe wandipatsa chiwongolero. Ndinasuzumira pabowo la mpanda. Munthu anali atabwereka kale laputopu kwa aphunzitsi a kupulayimale, waiika pampando, chingwe chili lendelende. Anatsegula foni kumbuyo, n'kutulutsa kamemore khadi, kakang'ono ngati chikhadabo, n'kukakulunga papepala.

"Akuti usanayambe uteteze zinthu zako," anatero. "Zathu zonse zili umu. Sunga."

Apa mpeni unandigwa m'manja. Khadi imeneyo tinakagula ine ndi Belita pamsika, kwa bambo woika nyimbo m'mafoni, kuti tizimvera kwaya. Unali mwezi wa Juni, kukuzizira, ndikukumbuka chifukwa ndinagulanso juzi. Achimwene tinawaika m'manda mu Epulo. Ndiye munthu wogona mu Epulo alowa bwanji m'khadi ya mu Juni? Zimenezi sizifuna sukulu.

"Belita! Tabwera kuno msanga."

Anabwera n'kugwada.

"Ukamuuze mwamuna wakoyo kuti khadi tinagula amalume ako atagona kale. Mulibe Dyson m'menemo, muli kwaya yokhayokha. Umuuzenso kuti m'mutu mwake muli madeya. Ukanene mmene ndanenera ine."

Mwana ndinamulera ndekha, ulemu ndinamuphunzitsa ndekha, ndipo tsiku limeneli ndinanong'oneza bondo. Anakafika pakhonde n'kunena ndi kamawu kofewa kuti, "Amayi aakulu akuti musamale ndi khadi."

"Auzeni asadandaule, ndaikulunga papepala," anatero Goodman.

Madeya aja anatayika panjira, sindikudandaula. Koma ndi Juni yemwe anatayika! Belita atabwerera ndinamukoka chitenje.

"Ndati chiyani ine?"

"Amayi, iwo amazidziwa zimenezi. Ndikawauza kuti alakwitsa aona ngati tikuwanyoza pamudzi pa eni."

"Ndiye kuli bwino munda upite, nkhope yake isakwinyike?"

Anangoseka n'kupita kukatunga madzi. Kusekatu!

Ndinaganiza njira ina. Mbuzi yathu inali yomangirira pafupi ndi mpanda, ndiye ndinayamba kuiuza nkhani mokweza. "Iwe mbuzi, tamvera. Epulo amayamba, Juni amabwera pambuyo. Vidiyo ili m'mimba mwa foni, siili m'khadi ayi. Wamva, mbuzi?" Mbuzi inamva, inandiyang'ana. Koma mkamwini waulemu akamva apongozi akuyankhula okha samvetsera, amachoka kuti asamve zosamukhudza. Ndinangomva mpando ukukokedwa. Goodman ananyamula laputopu, foni ndi chingwe, n'kukalowa m'nyumba, chitseko n'kubweza.

Ndinakhala kaye pamphasa ndikulimbana ndi mtima. Zaka zisanu ndi chimodzi sindinapondepo pakhomo pa nyumba imeneyo iye ali m'kati. Anthu adzandinena kuti a Fainess akalamba moipa. Kenako ndinaganiza za nandolo uja, ndinadzuka. Mawondo anga sathamanga, amakambirana kaye. Ndikufika pazenera ndinamva munthu akuwerenga yekha Chingerezi, n'kumadzimasulira.

"Ikuti ndikathyola loko zonse za m'foni zifufutika. Ndivomere? Zathu zili m'khadi..."

"Iwe!" ndinakuwa.

Mawu anga oyamba kwa mkamwini wanga anali amenewo. Ndinamva mpando ukugwa. Mpaka lero iye amauza Belita kuti anali akuganizabe, ndipo chala chinadina chifukwa ndinamudzidzimutsa. Mwamva? Mlandu ndi wanga tsopano.

Foni inazima, n'kuyakanso ili mbee, ngati yongochoka kusitolo. Ine ndinabwerera kuseri kwa mpanda. Mukuganiza kuti munthu analeka? Anati poti loko wathyoka kale, bola amalize. Anathiramo chinthu china chochokera mu laputopu, ndipo foni inayamba matenda atsopano. Imayaka, kulemba dzina la opanga, kuzima, kuyakanso, kulemba dzina lomwelo. Masana onse inkadzitchula dzina ngati mwana wa Sitandade 1.

Belita atabwerako kumadzi, ndowa ikadali pamutu, anakabwereka foni ya aneba, n'kuikamo khadi ija. Munali nyimbo makumi anayi za kwaya ndi chithunzi chimodzi cha ine nditavala juzi yatsopano. Anakhala pansi pomwepo, ndowa ili pamutu sanaitule n'komwe bwino, madzi anatayikira pamsana.

Lachisanu tinapita ku Chiringa kwa a Lekani okonza mafoni. Ine ndi Belita tinakwera kabaza, Goodman ankapalasa njinga yake kumbuyo, patali ndithu, ngati akuperekeza maliro a munthu wosamudziwa. A Lekani ndi bambo wa imvi, ali ndi kashopu kodzaza mafoni akufa. Anaitembenuza foniyo, n'kuyang'ana Goodman pamwamba pa magalasi.

"Mwaruta nokha, achimwene?"

"Ndinangoyesa."

"Onse amene ali m'katoni umu anangoyesa. Chimene munathiramocho n'cha foni iti?"

"Ya mtundu womwewu."

"Mtundu ndi womwewu, koma nambala yakumapeto ndi ina. Yanu ikuthera ndi sikisi, mwathiramo za seveni. Musanayambe mumayenera kuona nambala yonse, batire lidzaze, ndipo mudziwe kuti mukathyola loko kusitolo sakulandiraninso ikavuta. Koma choyamba penipeni, mumakopera zinthu zanu kwina, n'kuzitsegula komweko kuti muone ndi maso kuti zafikadi."

"Ndinachotsa khadi," anatero Goodman ndi mawu a pansi.

"Munaitsegula kuona zili m'menemo?"



"Bambo," ndinatero ine, poti a Lekani si mkamwini wanga, "musatiphunzitse zambiri, sukulu inatikana kale. Achimwene anga muwatulutsa kapena ayi?"

"Mayi, foni ndiidzutsa, ndiifulasha, kuthiramo zake zoyenera, lero lomwe. Koma vidiyo yapita. Mafoni a masiku ano akafufuta amafufutiratu. Simunatumizireko wina aliyense?"

Belita anapukusa mutu. Anati inali yaitali, bandulo sinkakwana.

A Lekani anavula magalasi. "Nanga laputopu inali pomwepo, chingwe cholumikiza kale. Kukopera vidiyo imeneyo mukanatha musanamalize kumwa kapu ya tiyi."

Ndinatembenukira kukhoma n'kuuza kalendala ya a Lekani mawu angapo amene sindingabwereze pano.

Loweruka tinakumana kumunda. Nkhani inali itafika kale kwa Aliness, anabwera atavala chitenje chatsopano, akumwetulira ngati wapambana mpikisano wa kwaya.

"Tiyeni tionere vidiyo ija," anatero. "Ine ndabwera ndi maso."

A Howard anakanda m'mutu. Iwo nthawi ya malire anali ku Mozambique, sankadziwa kanthu. Anafunsa Belita kuti anene zimene anaona, Aliness n'kudula: "Mwini nkhani angadzichitire umboni? Ine sindinalipo, iye anena zomukomera." Belita anayamba kulira. Goodman anaima patali pansi pa mtengo, akuyang'ana zala zake zakumapazi.

Ine zinandikwana. Ndinalanda chipewa cha a Howard ndi ndodo yawo, n'kuvula patapata mmodzi kuti ndiziyenda mopendama.

"Foni yafa, koma ine ndinaionera mpaka kuiloweza. Khalani chete, vidiyo yayamba."

"Achemwali, musatichedwetse ndi masewera," anatero a Howard.

Ndinakhosomola kawiri mmene ankachitira a Dyson, kulavula kumanzere, n'kuyamba kuyenda ngati bakha. "Eee, ana inu, mundimvere, ine sindibwerezanso. Kuyambira pamsewu apa..." A Howard anagwira pakamwa. Ngakhale Belita anaseka misozi ili m'masaya. Ndinatsika nawo malire ndikuloza ndi ndodo, ndikudandaula za msana, ndikutukwana nyerere. Nditafika pachulu, pamene ndinkadziwa bwino kuti achimwene anakhotera, sindinakhote. Ndinapitirira, kulowa m'munda wa Aliness, kuponda chimanga chake, mpaka pamtengo wa mango umene iye amaukonda kuposa ana ake.

"Mango awa ndi a Belita," ndinatero ndi mawu a malemu. "Ndi nthochi izo, ndi kadimba ako..."

"Bodza!" Aliness anakuwa mpaka mpango kugwa. "Bodza lenileni! Pamango sanafike n'komwe! Anakhotera pachulu paja, ine ndinali pambuyo pawo nditawanyamulira mpando!"

Ndinavula chipewa n'kubwezera eni ake.

"Unanyamula mpando uli kuti, mng'ono wanga, poti sunalipo?"

Aliness anayamba kunditukwana kuti ndine mfiti yoseweretsa akufa, nkhalamba yopanda manyazi. Zonsezo ndinavomera.

A Howard anakhoma chikhomo pachulu. Koma malire ali ndi mbali ziwiri, ndipo kumunsi, cha kukhwawa, kunalibe wondithandiza. Belita ankati amalume anathera pachitsa cha mbawa, nanenso ndinkakumbuka choncho. Aliness, amene tsopano anakumbukira zonse mwadzidzidzi, ankati anathera pamwala. Nditati ndiyambirenso vidiyo, a Howard anakaniza chipewa. Anati umboni wanga waonekeratu kuti umaba mango. Anayeza ndi mapazi pakati pa chitsa ndi mwala, n'kukhoma chikhomo chachiwiri pakatikati.

Atakoka chingwe kuchokera pachulu, mizere isanu inabwerera kwa Belita. Itatu inatsala kwa Aliness, yakumunsi, yachinyontho, imene nandolo wake tinkadzaza naye thumba.

Goodman anazula chinangwa m'mizere isanuyo tsiku lomwelo, yekha, osapuma, mpaka manja kutuluka matuza. Anatumiza mawu kudzera mwa Belita kuti apepesa kwa amayi aakulu. Ndinabweza yankho lalitali ndithu, ndipo ndikudziwa kuti linakafika lili "akuti zikomo".

Nandolo tinabzala mochedwa, wamera mwa apo ndi apo. Chinangwa cha Aliness m'mizere itatu ija chakula bwino, masamba ake ali biriwiri. Ndikamadutsa popita kukhwawa ndimathyolako chigwada chodzaza chitenje, masana dzuwa likuswa mtengo, iye akuona. Akakuwa ndimamuuza kuti akandisumire kwa a Dyson.