Zimbale za m'Munda wa Mpendadzuwa

Pa Nsaru aliyense amadziwa kuti Eliness akalonjeza chinthu sapuma mpaka chitachitika. Ena amati ndi khama, ena amati ndi liuma chabe. Amuna ake, a Gideon, amati ndi zonse ziwiri, ndipo iwo ndiwo akumudziwa bwino.

Chaka chimenecho kwaya ya amayi a ku tchalitchi kwawo inajambulitsa nyimbo khumi ku situdiyo ya mu Lilongwe. Amayiwo anagulitsa mtedza ndi soya kuti zitheke. Eliness, mlembi wa kwayayo, ndiye anali ndi kompyuta ndi pulinta m'nyumba, zimene amasindikizira makalata oitanira anthu ku ukwati. Pulintayo inali ndi kathileyi kolowetsapo chimbale, n'kumasindikiza chithunzi pamwamba pake penipeni. Ndiye pamsonkhano wina anaimirira n'kunena kuti zimbale zawo sizidzalembedwa pamanja ndi cholembera cha maka ngati za anyamata obena nyimbo pamsika. Pa chimbale chilichonse padzakhala nkhope za amayi a kwaya.

Amene anasunga mawuwa mumtima anali mayi Zelifa, tenanti wa pa esiteti ina ya fodya, kwawo ku Phalombe. Iwo ndiwo ankayambitsa nyimbo zambiri, ndi mawu aja ogwetsa anthu misozi. Fodya anali atatha kusankhidwa, ndipo lole yobweza matenanti kwawo inali yonyamuka Lamulungu, tsiku lotsatira mwambo wokhazikitsa chimbale.

"Alembi," anatero atamukokera Eliness pambali, "ine kuwerenga sindidziwa. Kwathu ndikakanena kuti ndinaimba mu situdiyo akandiseka. Koma nkhope yanga akaiona, eti?"

"Akaiona, mayi. Ndi maso awo."

Vuto linali zimbalezo. Inki ya pulinta imagwira pa zimbale zoyera pamwamba zokha, zija zokhakhala pang'ono ngati pepala, ndipo masiku ano anthu ali pa mafoni ndi mafulashi, zimbale zoterozo n'zosowa. Lolemba Eliness anatuma a Gideon ku tauni ndi ndalama za kwaya. Anawauza katatu konse kuti zoyera pamwamba, ndipo iwo anagwedeza mutu katatu konse.

Zoyerazo anazipeza ndithu, m'sitolo imodzi, koma pamtengo woti ndalamazo zikanagula makumi atatu okha m'malo mwa zana. Patsogolo pang'ono anapeza zonyezimira mbali zonse, zotchipa kwabasi. A Gideon ndi munthu woti pogula feteleza amazungulira masitolo onse a pa Nsaru, ndiye anaona ngati Mulungu wawayankha. Anafika kunyumba akuyenda monyang'wa.

"Chimbale ndi chimbale, mayi a Triza. Zoyerazo akungokubani."

Eliness analowetsa chimodzi mu pulinta. Chinatuluka chili noninoni, inki ikuyenderera, amayi onse atasanduka thope la mitundumitundu. Mawa lake chinali chisanaumebe. Eliness anapsa mtima kwambiri, ndipo a Gideon anakumbukira mwadzidzidzi kuti kudimba kuli ntchito yambiri. Kubweza sikukanatheka, pakuti pa lisiti panalembedwa kuti katundu wotsegulidwa sabwezedwa.

Lachitatu anapita yekha ku tauni ndi kandalama kotsala, m'chikwama atatenga chimbale chimodzi chonyezimira choti azionetsa kuti safuna chotere. Anayenda mpaka mapazi kutupa. Kwina ankamuseka, amvekere amayi mukadali pa zimbale? Wina anamulangiza kuti angosindikiza pa pepala n'kumata ndi guluu. Eliness anakana, chifukwa anaonapo pepala lotero litamatuka m'kati mwa wailesi ya munthu. Anakwera minibasi yobwerera wopanda kanthu, mtima uli pa mayi Zelifa. Akawauza chiyani?

Atatsika pa siteji ya pa Nsaru, maso ake anagwera pa njinga ya wakabaza wina. Akabaza amakonda kumangirira zimbale kumbuyo kwa njinga kuti magalimoto aziwaona. Munthu wina aliyense akanangodutsa. Eliness anawerama n'kuchitembenuza chimbalecho. Kuseri kwake chinali choyera, chokhakhala, chosalembedwa kanthu.

"Achimwene, ichi munachipeza kuti?"

"Kwa a Yonasi, mayi, kutsidya kwa dambo uko. Ali nazo katoni yathunthu. Amaopsezera mbalame."

"Tiyeni konko."

A Yonasi anagwirapo ntchito ya umesenjala pa bungwe lina mu tauni. Bungwelo litatsekedwa anawapatsa katoni ya zimbale kuti akataye, koma iwo sataya chinthu. Tsopano ankalima mpendadzuwa, ndipo m'munda monse munali zimbale zolendewera pa zingwe, zikuzungulira ndi mphepo. Anamulandira Eliness mwaulemu, namuonetsa mipukutu iwiri ya makumi asanu asanu, ikadali m'pulasitiki yake. Koma za kugulitsa anakanitsitsa.

"Pepani mayi. Mpendadzuwa wakhwima, mpheta zandizinga. Zingwe zimaduka, odutsa m'njira amandizulira. Ndikakupatsani izi, ndikolola mapesi."

Eliness sanachonderere. Anapempha kuti angoona mundawo, ndipo anaima m'mphepete mwake nthawi yaitali, manja ali m'chiuno, akuyang'ana chimbale chimodzi. Chinkati chikatembenuka, ng'ani! kuwala. Chikatembenukanso, mbali yoyera ija, zii. Mpheta zinali zitazolowera kale, zinkangotera pafupi n'kumadya mosatekeseka. Pamenepo anatulutsa chimbale chonyezimira chija m'chikwama, nachimangirira pa chingwe chomwecho. Mphepo itachiomba chinathwanima uku ndi uku osapumira, mpaka a Yonasi anatchinga maso ndi dzanja. Mpheta zinabalalika.

"Alonda anuwa amagwira ntchito theka la tsiku, bambo," anatero Eliness. "Ine kunyumba ndili nawo pafupifupi zana osagona. Tisinthane, chimodzi kwa chimodzi."

A Yonasi anayang'ana chimbalecho, anayang'ana mayiyo, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Inu mukanakhala mlangizi wa zaulimi, dziko lino bwenzi kulibe njala. Koma mundisungire chimodzi chokhala ndi nyimbozo."

Lachinayi m'mawa a Gideon ndiwo anakasiya zonyezimirazo pa njinga, ndipo pobwera anauza aliyense m'njira kuti pakanapanda nzeru zawo zogula zotchipa, kwaya ikanagwira fuwa la moto. Eliness anawasiya alankhule. Anali ndi mantha ena, oti mwina zimbale zokhalitsa chotero zinafa kale. Analowetsa chimodzi mu kompyuta, nyimbo zinalowa bwinobwino. Anachiika mu pulinta, chinatuluka chouma, mayunifolomu oyera ali mbee, nkhope iliyonse yodziwika. Mtima wake unakhala pansi, koma kwa kanthawi kochepa.

Chimbale chili ndi bowo pakati. Pa chithunzi cha kwaya, woyambitsa nyimbo amaima pakati. Bowolo linadya mutu wonse wa mayi Zelifa, kungotsala mapewa.

Anayesa kuchepetsa chithunzi kuti onse akwane pansi pa bowo, nkhope zinasanduka tinjere ta mapira. Anayesa kuchikweza, mzere wakumbuyo unadukira kunja. Kuitana amayi makumi awiri ndi atatu, ena a kumaesiteti, kuti adzajambulitsenso tsiku limodzi, kunali kulota. Bowolo linayenera kugwera pa munthu basi. Eliness anachiyang'ana chithunzicho kanthawi, nachisuntha pang'ono cha kumanzere, n'kuyamba kusindikiza. Masiku awiri pulinta inalira osapuma, zimbale zili mbwee pa mphasa, pa tebulo ndi pa bedi, a Gideon akudyera panja.

Loweruka tchalitchi chinadzaza. Amayi anaimba, alendo anapikisana pogula zimbale zoyamba, ndipo anthu ankafunsana ngati zasindikizidwa ku Joni. Mwambo utatha, Eliness anatenga chimodzi n'kukawapatsa mayi Zelifa kuseri kwa tchalitchi.

Anachilandira ndi manja awiri. Anadzipeza msanga, pambali penipeni pa bowo, kukamwa kuli yasa, dzanja lili m'mwamba. Anaseka, kenako misozi inatsika osaipukuta. Ndiye anayamba kuloza anzawo ndi chala mmodzimmodzi, akutchula mayina. Atafika pamapeto anabwereza. Chala chinaima pa mapewa opanda mutu, oyandikana ndi awo.

"Nanga inu, alembi, muli pati? Paja munaima pafupi ndi ine."

"Ine anthu a pa Nsaru amandiona tsiku lililonse, mayi. Atopa nane."

Mayi Zelifa anakweza chimbalecho n'kumuyang'ana Eliness kudzera pa bowolo, nthawi yaitali, ngati akufuna amuloweze.

"Kwathu ndikayamba ndawaonetsa apa," anatero. "Nkhope yanga aione pambuyo."