Sabata la ba Mweetwa

"Ba Lyford, ba kochi bali kuti? Foni yabo ni yozima!"

Amene ankafunsayo anali Yeta, kaputeni wa timu yathu ya pakoleji, thukuta lili kamukamu mpira usanayambe n'komwe. Anyamata a ku Choma anali atalowa kale m'bwalo, woyimbira akungoyang'ana wotchi. Linali Loweruka la ndime yomaliza ya chikho cha makoleji, ndipo kochi wathu ba Mweetwa, munthu amene ankafika pabwalo ngakhale malungo atamugwira, sankaoneka.

"Akubwera," ndinatero, ndisakudziwa chimene ndikunena. "Tiyeni tipemphere."

Ntchito yanga inali imeneyo. Bungwe la utumiki wa m'makoleji linanditumiza ku Livingstone kuchokera kwathu ku Katete kuti ndizilalikira osewera ndi makochi awo, ine amene mpira ukamabwera ndimauzinda. Tinapemphera ndithu, koma pemphero silinatiuze woti atuluke ndi woti alowe. Anyamata ankangocheukira kubenchi, n'kupezako ine ndi Baibulo pamiyendo. A ku Choma anatiswa popanda chisoni. Yeta anakhala pansi pakati pa bwalo n'kudzifunditsa jezi kumutu, ndipo ine mtima unandiwawa, ndinakwiyira ba Mweetwa kwambiri.

Munthuyu ndinali nditamuvutikira. Tsiku limene ndinafika anandiyang'ana kuyambira nsapato mpaka tayi n'kunena kuti, "Pempelani ngati mufuna, koma musanichedwesele banyamata." Tikamapemphera ankakaima kungodya ya bwalo, pa kambendera, atatipatsa msana, kapusi ili kumutu. Sindinamulalikire. Ndinkangonyamula madzi ndi kutola mipira. Pang'ono ndi pang'ono anayamba kusendera. Tsiku lina anavula kapusi ija tikupemphera. Ndinaona chifukwa ine ndimapemphera diso limodzi lili pa nkhosa.

Madzulo ena tikupopa mipira anandiuza yekha nkhani yake. Anakulira mumpingo wa Adiventi kufupi ndi Monze, bambo ake ali mkulu wa mpingo. Ali mnyamata anakasewera mpira tsiku lopembedza, ndipo amene anaimirira kutsogolo n'kulengeza kuti wachotsedwa mumpingo anali bambo ake omwewo. "Kuchokela apo sininapondemo mu chechi," anatero. "Batate banafa tikalibe kukambisana."

Choncho titakonza mapemphero apadera a osewera mu holo ina yobwereka ku Linda, ndinalimba mtima. Kunali kutatsala masiku ochepa kuti mpira wa chikho uja uchitike.

"Ba Mweetwa, mubwere ku mapemphero a osewera. Ku holo ya ku Linda, pa Sabata m'mawa."

Anasiya kumanga ukonde wa pagolo. "Pa Sabata? Iyi yamene ibwela?"

"Lomweli."

"Muziba chamene munipempha, imwe?"

"Ndikudziwa kuti n'chovuta," ndinatero. "Koma tsiku limenelo ndi la Mulungu, si la mpira."

Mawu amenewo anandikomera m'kamwa, moti ndinaganiza zodzawagwiritsanso ntchito mu ulaliki. Iye anapotokola chingwe cha wezulo chimene sichinkachoka m'khosi mwake. Kenako anati, "Nizabwela."

Lamulungu, kugonja kuja kukadali pakhosi, ndinalawirira ku holo. Ndinamusungirabe mpando kutsogolo, ngakhale m'mutu ndinali nditakonza kale mawu omudzudzula mwachikondi, aja amabaya kuposa mwano. Ndinapeza ba Ennie, mayi wosunga makiyi a holoyo, akuyala nsalu patebulo.

"Ba Lyford, mulendo wanu munamuona? Mailo kunabwela mudala wa suti yakuda, yonunkha mu sutikesi. Ninamupeza masana pamene ninabwela kupyanga mu holo na tsache. Enze nkhale apo pa sitepe kuchoka kuseni m'mawamawa, zuba yonse ija."

"Anati akufuna ndani?"

"Imwe. Ninamuuza ati lelo ni pa Chiwelu, kulibe mapempelo. Eve ati, 'Bananiuza pa Sabata.' Ninaseka, nati ba Lyford Sabata yabo ni mailo pa Sondo. Eve anangofaka Baibo mu pulasitiki, ayenda."

Munthuyo anabwera dzulo, Loweruka la mpira lija. Kwathu ku Katete, mumpingo umene ndinakulira, Sabata ndi Lamulungu. Mwana aliyense amadziwa zimenezo. Ku Livingstone anthu amangoti pa Sondo, ndipo inenso ndinkatero pamsika ndi m'basi. Koma poitana munthu ku nyumba ya Mulungu ndinafuna mawu aulemu, a kuguwa. Sindinaganize n'komwe kuti kwa mwana wa mkulu wa Adiventi Sabata ndi limodzi lokha, Loweruka, ndipo ndi lomwe lija bambo ake anamuthamangitsira.

Ndinasiyira mnzanga wina kuti ayambitse nyimbo, ine n'kukwera takisi ya ku Dambwa North, kumene ba Mweetwa ankakhala.

Ndinamupeza kuseri kwa nyumba, atawerama pa beseni, akuchapa majezi a timu amene Yeta anakamutulira pakhomo osapereka moni. Suti ija inali pa hang'ala, itakolekedwa pa nthambi ya mango. M'khosi mwake munalibe wezulo.

"Ba Mweetwa, ndalakwitsa ine. Ndimanena lero. Kwathu Sabata ndi..."

"Naziba. Banimasulila bamayi baja." Sanakweze mawu, ndipo ndikanakonda akanandikalipira. Anafinya jezi n'kuiponya mu ndowa. "Sembe munakamba chabe ati pa Sondo."

"Tiyeni tsopano. Takisi ikudikira, mapemphero angoyamba kumene. Mpando wanu ulipo."

Anawongoka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno.

"Ba Lyford, mailo nenze okonzeka. Munaniuza ati siku ija ni ya Mulungu, si ya bola. Ni mau yamene batate banakamba, yamene yaja. Ninati, chabwino, mudala anawina. Ninazima foni. Ninasiya bana banga beka pa fainolo, chintu chamene sininachitepo. Nafika, chiseko ni chokhoma. Nankhala, nayembekeza. Nenze kuganiza ati mwina muniyesa. Manje pamene zuba inafika apa, ninaziba ati chiseko ichi nichiziba kudala, kuchokela nili munyamata."

"Si Mulungu amene anakhoma. Ndi lilime langa."

"Mwina." Anatola jezi ina, ya nambala ya Yeta, n'kuyang'ana dothi limene linali pamsana pake. "Koma mphamvu ija inasila mailo. Lelo nili na vochapa."

Ndinaima pamenepo mpaka woyendetsa takisi anayamba kuliza hutala. Mavesi onse amene ndinkawadziwa anandithawa. Ndinabwerera ndekha, n'kukalalikira holo yodzaza ndi anyamata okwiya, maso anga ali pa mpando umodzi wopanda munthu.

Anyamata ndinawafotokozera zonse, ndipo patapita nthawi anamukhululukira. Iye sanandisungire chakukhosi. Mpaka lero timapopa mipira limodzi, amandiseka kuti ndine m'busa woopa chikopa, ndipo mwana wanga atabadwa anabweretsa nkhuku. Ndamuitananso kangapo, ndikutchula bwinobwino kuti pa Sondo. Amangomwetulira n'kunena kuti, "Tizaona."

Mpira uliwonse usanayambe, iye mwini amaimba wezulo kuti anyamata asonkhane kudzapemphera. Tikagwirana mapewa, amayenda pang'onopang'ono kupita kungodya ija ya kambendera. Ine ndimapempherabe diso limodzi lili lotsegula, ndipo kapusi imakhala ili kumutu.