Madzi Onunkha Chipatala

Mantha, ana inu, ndi galu woluma mwini wake.

Agogo ena anabwera m'tauni kudzalera mdzukulu kwa mwana wawo wamwamuna, amene ankagwira ntchito koyeretsa madzi a mzinda wonse. Mwanayo ankakonda kuwafotokozera kuti madzi amapopedwa kumtsinje, amadikha m'mathanki mpaka matope atakhala pansi, amasefedwa mumchenga, kenako iyeyo n'kuthiramo klorini wopha tizilombo asanalowe m'mipope.

"Ndiye ukuvomera wekha kuti umathiramo mankhwala?" ankatero agogo. "Chopha tizilombo chingasiye kamwana? Madzi ake onunkha chipatala!"

"Amayi, fungolo ndiye mlonda wake," ankayankha akuseka.

Agogo sankaseka nawo. Pakhomopo mpopi unkatulutsa madzi mwa apo ndi apo, choncho akumwa ankasungidwa m'ndowa yovindikira. Makolo akangopita kuntchito, agogo ankakhuthulira ndowayo pamaluwa, n'kutsetserekera kuseri kwa nyumba zomalizira, kumene kunali kachitsime ka madzi oyera mbee, ozizira, opanda fungo. Madzi a pachitsimepo ndiwo ankadzaza m'ndowa muja, chigubu chotungira n'kuchibisa kunsi kwa bedi. Zoti zimbudzi za kumtunda zimatsikira kuti, sanadzifunse. Diso limanama, ana inu, musamalikhulupirire pa madzi.

Mdzukulu anayamba kutsekula m'mimba, maso n'kulowa m'kati. Kuchipatala anamugoneka pa diripi, namwino nati vuto ndi madzi akumwa. Mayi woyandikana nawo nyumba sanachedwe kuponyera bambo wa mwana mawu pampanda.

"Aneba, mwati kuntchito kwanuko mumayeretsa madzi, kapena mumangosambamo?"

Tsiku limenelo mpopi unali wouma, ndiye bambo wa mwana anatunga a m'ndowa m'botolo kukayeza kuntchito. Anabwerako mapewa atagwa.

"Mulibe klorini ngakhale pang'ono," anauza mkazi wake, amene anabwera kudzatenga zovala za mwana. "Ndipo masiku onsewa wothira ndinali ine. Ngati ndinaphonya, si mwana wathu yekha, ndi mzinda wonse. Mawa ndikadzinenera ndekha kwa abwana. Kaya andichotsa, andichotse."

Agogo anali chilili pakhomo la chipinda, atatsamira chitseko.

"Mwatani apongozi? Mwadwala nanunso?" anafunsa mkaziyo.

Akanatha kunena kuti ndi mutu. Lilime linali litakonzeka kale. Koma anaona mwana wawo akupinda ovololo yake ya kuntchito pang'onopang'ono, ngati chovala cha malemu. Analowa m'chipinda, anagwada, nakoka chigubu chija, matope akuda akadali kunsi kwake. Anachiika pakati pa balaza, maso ali pansi.

"Usapite kwa abwana ako, mwanawe. Madzi ako amamwa ndi maluwa."

Mwana wawo anayang'ana chigubucho.

"Kuyambira liti, amayi?"

"Chibwerereni."

Bola akanakalipa. Iye anangonyamula chigubucho n'kukachiika panja, ndipo mkazi wake anatenga zovala n'kubwerera kuchipatala osatsanzika.

M'mawa mpopi unatsokomola, madzi n'kubwera. Agogo anatsuka ndowa ndi sopo, naidzaza. Anatunga kapu, anainunkhiza, nkhope n'kukwinyika, koma anamwa mpaka pansi. Anadzazanso botolo lopita nalo kwa mdzukulu, amene anamva kuti wayamba kupempha chakudya.

Asanatuluke pageti anaima pampanda, nagogoda lata.

"Aneba, tatulukani. Mawu munaponya dzulo aja anagwera munthu wosalakwa. Mwini wake ndine, ndabwera kudzawatola."